Momwe mungaphunzitsire mwana kuwerenga Chichewa pakhomo

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a Sitandade 1 amadzaza moti mphunzitsi sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga payekha. Boma linakhazikitsa ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, komabe kalasi ikamayankha pamodzi, mwana wina amangoyendetsa milomo kutsatira anzake. Wotereyu mungamuthandize pakhonde panu. Mphindi 15 zikwanira, bola zikhale za tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi khutu, buku libwera pambuyo. Tchulani mawu monga nyemba, mwanayo aombe m'manja paphatikizo lililonse: nye-mba, kawiri. Ka-lu-lu, katatu. Kenaka mufunseni liwu loyamba m'dzina lake.

Chachiwiri, malembo a liwu asanu aja: a, e, i, o, u. Alembeni pamchenga ndi chala, iye alondole. Mukhozanso kuwalemba pa zitsekerero za mabotolo kapena pa zidutswa za katoni.

Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa. Timaphunzitsa mwana nyimbo ya ABC n'kumanyadira kuti wadziwa. Koma amene waloweza kuti m ndi "emu" ndipo a ndi "eyi" adzavutika kutulutsa "ma". Muphunzitseni liwu la lembo, mmm, dzina lake lidikire. Chichewa chili ndi ubwino wakuti mawu amalembedwa monga amamvekera, choncho akagwira maliwu, njira yatseguka. Musatsate ndondomeko ya alifabeti. Tengani n ndi m poyamba, muphatikize ndi malembo a liwu: na, ne, ni, ma, me, mi. Sabata yomweyo awerenga ana, ine, amama, mano. Nkhope yake tsiku limenelo mudzaikumbukira.

Pa phatikizo latsopano lililonse, werengani inu poyamba, kachiwiri muwerengere limodzi, kachitatu awerenge yekha. Akakakamira, musafulumire kumuuza. Lozani lembo loyamba, mudikire.

Mumuyesenso ngati sakungoloweza. Ana ndi akathyali: amatha kuimba tsamba lonse maso ali kudenga. Sokonezani zitsekerero zija, kapena lozani mawu kuyambira pansi kupita pamwamba. Amene amati ba be bi bo bu mwaliwiro koma bo payekha osamuzindikira, bwererani naye m'mbuyo popanda kumukalipira.

Maphatikizo a malembo ambiri abwere mochedwa, ndipo muwaphunzitse awiriawiri kuti amve kusiyana: pala ndi phala, kola ndi khola, ngoma ndi ng'ombe. Muikeni dzanja pakamwa amve mpweya ukutuluka potchula phala. Pambuyo pake mpamene mungalowe ku nkhuku, mphaka, ntchito ndi nkhwangwa.

Akayamba kulumikiza mawu, mupatseni chowerenga chenicheni. Buku la kusukulu lilipo, komanso zikwangwani za m'misika, thumba la feteleza, buku la nyimbo la kutchalitchi, ngakhale uthenga wa agogo pafoni. A m'tauni angabwereke mabuku a ana ku National Library Service. Mwina chokoma koposa n'kumuuza akusimbireni nthano, inu mulembe ziganizo zitatu mwa mawu ake omwe, iye aziwerenge. Akamaliza mufunseni kuti, "Nanga Kalulu anathawiranji?" Akalephera kuyankha, ndiye kuti watchula mawu koma nkhani sanaimve. Muwerengereni inu mokweza, kenaka ayesenso.