Mmene mungawerengere Macbeth kuti muone kuti kukhumba ufumu, ulamuliro ndi chikumbumtima n'chingwe chimodzi

Chaka chilichonse mayeso a Fomu 4 akamayandikira, ophunzira amene ndimawathandiza kuno ku Blantyre amabwera ndi makope odzaza mfundo zoloweza za sewero la Macbeth. Tsamba lina amalembapo za kukhumba ufumu, lina za ulamuliro, lina za kutsutsika mumtima, ngati kuti William Shakespeare analemba masewero atatu osiyana. Funso likangotembenuzidwa pang'ono, zoloweza zonse zija zimabalalika. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yotsata mfundo zitatuzi pamodzi, chifukwa m'seweroli chikhumbo ndicho chimabala kulanda mpando, ndipo mpando wolanda ndiwo umabala mantha ndi kusowa tulo.

Yambani ndi kuwerenga sewero lonse kamodzi osaima pa mawu ovuta. Si lalitali: lili ndi magawo asanu, ndipo pa masewero a tsoka a mlembiyu ndi limene lili lalifupi kwambiri. Linalembedwa cha m'ma 1606, James, mfumu ya Scotland, atakhalanso mfumu ya England, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1623. Nkhani yake imachitikira ku Scotland, dziko lomwe kuli Blantyre winayo, kwawo kwa David Livingstone, kumene mzinda wathu unatenga dzina. Macbeth weniweni analamulira kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan, mfumu imene iye anailowa m'malo, anafera kunkhondo. Mlembi ndiye anasankha kuti mfumu iphedwe ili m'tulo, m'nyumba ya munthu amene anailandira ngati mlendo. Kusinthaku muzikukumbukira, chifukwa ndi kumene kumalemeretsa mlandu wa Macbeth.

Powerenga kachiwiri, tengani pepala ndipo mulembe imfa zimene Macbeth achititsa motsatana: Duncan, alonda awiri a mfumu, Banquo mnzake wa kunkhondo, kenako mkazi ndi ana a nduna ina yotchedwa Macduff. Pambali pa imfa iliyonse yankhani mafunso atatu: anaganizira nthawi yaitali bwanji, anakambirana ndi yani, ndipo anapindula chiyani. Asanaphe Duncan, m'chigawo chomaliza cha gawo loyamba, Macbeth amadziwerengera yekha zifukwa zoti aleke. Duncan ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake, komanso walamulira mofatsa. Amavomereza ndi pakamwa pake kuti palibe china chomukankha koma chikhumbo chokha, ndipo amafika pouza mkazi wake kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Pofika pa Banquo, amalemba ganyu anthu akupha ndipo samuuza mkazi wake za chiwembucho. Pofika pa banja la Macduff, amanena kuti chimene mtima waganiza dzanja lichite nthawi yomweyo, ndipo imfa zimenezo sizimupatsa kanthu kalikonse. Pepala limeneli lokha likupatsani umboni woyankhira pafupifupi funso lililonse la mfundo zitatu zija.

Pa nkhani ya afiti atatu ndiima nthawi, chifukwa apa ndi pamene ophunzira athu ambiri amaterereka. Tinakulira m'malo amene ufiti umatchulidwa msanga munthu akasintha khalidwe, choncho n'kosavuta kulemba kuti Macbeth analodzedwa. Bwererani ku chigawo chachitatu cha gawo loyamba ndipo muwerenge mawu a afitiwo mosamala. Amamulonjera ndi maudindo atatu, unduna wa ku Glamis umene anali nawo kale, wa ku Cawdor, ndi ufumu, koma palibe pamene amamuuza kuti aphe munthu. Ganizo lakupha limabuka mwa iye mwini, ndipo limamuimitsa tsitsi asanakumane n'komwe ndi mkazi wake. Banquo anali pomwepo, nayenso anamva kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni, ndipo anachenjeza mnzake kuti mphamvu za mdima nthawi zina zimanena zoona zazing'ono kuti zikole munthu pa zazikulu. Wophunzira amene aika anthu awiriwa pambali ndi pambali amakhala wasonyeza kuti afiti anangokolezera moto umene unali kale pa ziputu. Ndimaumirira pa mfundoyi chifukwa ngati Macbeth analodzedwa, ndiye kuti alibe mlandu, ndipo munthu wopanda mlandu sangazunzike ndi chikumbumtima monga momwe iye azunzikira kuyambira gawo lachiwiri.

Za ulamuliro musathamangire kulemba kuti mphamvu zimaononga munthu, poti seweroli lili ndi mafumu ena amene sanaonongeke: Duncan, Edward wa ku England amene amachiza odwala, ndi Malcolm, mwana wa Duncan, amene m'gawo lachinayi amatchula makhalidwe oyenera mfumu monga chilungamo, chifundo ndi kudzichepetsa. Chimene sewero likusonyeza n'chakuti mpando wotengedwa ndi magazi umafuna magazi ena kuti ukhazikike. Onani kuti Macbeth atangovala chisoti chachifumu amadandaula kuti ufumu wopanda chitetezo si kanthu, amawawidwa mtima kuti alibe mwana wodzalowa m'malo mwake, ndipo amaulula kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito amene amamulipira kuti azimutengera nkhani. Kumapeto nduna ina, Angus, imanena kuti ulemu wa ufumu ukumukhuthukira ngati mkanjo wa chimphona pa thupi la mbala yaifupi, ndiponso kuti omumvera amatero chifukwa cholamulidwa, osati chifukwa chomukonda.

Kuti mugwire bwino za chikumbumtima, tsatani zinthu ziwiri zokha, magazi ndi tulo, ndipo muwerenge chigawo chachiwiri cha gawo lachiwiri pamodzi ndi chigawo choyamba cha gawo lachisanu, mokweza mawu, tsiku limodzi. Loweruka lina ndinachita zimenezi ndi gulu la ophunzira pakhonde la nyumba ina ku Chilomoni, titaika beseni la madzi pakati. Mnyamata wowerenga mbali ya Macbeth anatambasula manja n'kunena kuti nyanja yonse singawasambitse, kuti analephera kuyankha Amen, ndiponso kuti anamva liwu lomuuza kuti wapha tulo. Mtsikana wowerenga mbali ya mkazi wake anamuyankha mwamphamvu kuti madzi pang'ono achotsa zonse. Titatsegula gawo lachisanu, mtsikana yemweyo anagwada pa beseni lija akupukuta manja osalekeza, akudandaula kuti zonunkhira zonse za ku Arabia sizingachotse fungo la magazi pa kadzanja kake. Atamaliza anakhala chete, kenako anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ndiye kuti anthuwa asinthana?" Ndinamuuza kuti alembe funso lakelo pamwamba pa tsamba, poti ndilo linali mutu wa chimangirizo chake.

Asinthanadi. Mwamuna amene ankanjenjemera poyamba amauma mtima mpaka kunena kuti waiwala kukoma kwa mantha, ndipo uthenga wa imfa ya mkazi wake umamupeza alibenso misozi. Mkazi amene anapempha mizimu kuti imuchotsere chifundo amayenda ali m'tulo, salola kukhala popanda nyali, ndipo dokotala amanena kuti akufunika wansembe kuposa sing'anga. Musamulembe ngati chilombo chabe. Iye yemwe ananena kuti akanapha Duncan ndi manja ake akanapanda kufanana ndi bambo ake ali m'tulo.

Polemba yankho, ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi, chochitika chimodzi chotchulidwa bwino ndi gawo lake, ndi chiganizo chosonyeza mmene chochitikacho chikukokera ku mfundo inzake. Mwachitsanzo, pofotokoza za mzukwa wa Banquo paphwando, musalekere ponena kuti Macbeth anatsutsika mumtima. Onjezani kuti kubwebweta kwake pamaso pa nduna kunagwedeza ulamuliro wake, ndipo kugwedezekako kunamubwezera kwa afiti, kumene anakatenga malonjezo oti sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam itabwera ku linga lake la Dunsinane, ndi oti palibe wobadwa mwa mkazi amene angamupweteke, malonjezo amene anamupusitsa mpaka pamene anakumana ndi Macduff ku Dunsinane. Musawononge nthawi kufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, popeza wochonga amaidziwa kale. Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, komabe ndimalimbikitsa kuti mfundo iliyonse muyambe mwaifotokozera mnzanu m'Chichewa, buku lili chitsekere. Pamene mwakakamira, tsegulani chigawocho muwerengenso, ndipo mukatha kuifotokoza bwinobwino m'pamene mutenge cholembera.