Momwe mungaphikire gammon yopaka uchi mu slow cooker

Ku Britain, nyama imene siisowa patebulo pa Khirisimasi, pambali pa nkhukundembo, ndi ntchafu ya nkhumba yosungidwa mu mchere. Ikakhala yaiwisi amaitcha gammon, ikapsa amaitcha ham, ndipo yoyenera kugula pa ntchito imeneyi ndi yaiwisiyo. Ine ndimaiphika mu slow cooker, mphika wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, chifukwa tsiku limenelo uvuni umakhala utadzaza kale ndi zinthu zina.

Sankhani nthuli yopanda fupa yolemera makilogalamu 1.5 mpaka 2, yoti ikwane mu mphika wanu chivundikiro n'kutsekeka bwinobwino. Yotchipa kwambiri, imene paphukusi pake alembapo kuti anawonjezeramo madzi, ndi yoipewa, chifukwa ikapsa imanyala moti mumatsala ndi kanthu kakang'ono kochititsa manyazi pamaso pa alendo. Mitengo imatsika Khirisimasi ikangodutsa, choncho amene akufuna kungoyesera angachite bwino kudikira masiku amenewo.

Nkhani yaikulu ndi mchere, ndipo apa ndi pamene ine ndinagwa nayo. Chaka china ndinagula nthuli kwa bambo wina wogulitsa nyama pamsika, amene anandilumbirira kuti yake siifunika kuviika m'madzi. Ndinawakhulupirira. Nyamayo inatuluka yokongola, yonyezimira, koma alendo anga atangolawa kachidutswa kamodzi aliyense, patebulo panangoti zii, kenako jagi ya madzi inayamba kuzungulira. Mlamu wanga anakankhira yake pansi pa mpunga mwaulemu, poganiza kuti sindikuona. Chimene chimachitika n'chakuti mu slow cooker mumathiridwa madzi ochepa, ndiye mchere wa m'nyamayo umasowa kopita, umangobwerera momwemo kwa maola onsewo. Kuyambira pamenepo, kaya wogulitsa anene zotani, ndimaviika nthuliyo m'madzi ozizira mufiriji usiku wonse, n'kusintha madziwo kawiri. Ngati nthawi yakutherani, iikeni mu poto wa madzi ozizira, muiwiritse, ikangobwata mutaye madziwo. Musanapitirire, dulani kachidutswa kakang'ono, mukakazinge ndi kulawa. Kakakhala kowawabe mchere, ibwezereni m'madzi.

Mukatero, yalani anyezi awiri odula pakati ndi karoti pansi pa mphika, muike nyamayo pamwamba, muthiremo juwisi wa maapulo wokwana mamililita 500 ndi timbewu tingapo ta tsabola wakuda. Ena amathira Coca-Cola m'malo mwa juwisi, ndipo imakoma ndithu, ngakhale kwa ine shuga amachuluka. Mchere musathire ngakhale pang'ono. Tcherani mphikawo pa low, kutanthauza moto wochepa, kwa maola 6 mpaka 7, ndipo musamatsegule chivundikiro, chifukwa nthawi iliyonse mukatero kutentha kumathawa. Nyamayo yapsa pakati pake pakafika madigiri 75. Mukaipitiriza kwambiri imafumbutuka, osadulikanso zidutswa zooneka bwino.

Uchi supakidwa mu slow cooker, chifukwa nthunzi imausungunula n'kuusandutsa msuzi. Tulutsani nyamayo, chotsani chikopa ikadali yotentha koma musiye mafuta a pansi pake, ndipo mafutawo muwacheke mizere yopingasana n'kubayamo ma clove, tizokometsera tonunkhira tooneka ngati timisomali. Sakanizani masipuni atatu a uchi, awiri a masitadi ndi awiri a shuga wa bulauni, mupake paliponse, kenako muiike mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi pafupifupi 20. Khalani pafupi, popeza uchi suchedwa kupserera.

Ipumitseni mphindi 15 musanadule. Msuzi wotsala mu mphika muusefe, mudzaphikire nyemba mawa lake.