Kusiyanitsa makolo a dzina limodzi polemba mbiri ya banja

M'kope momwe ndikulemba mbiri ya banja lathu la kwa Santhe muli a Naphiri anayi, ndipo aliyense abale amangomutchula kuti "agogo a Naphiri". Mukapanda kusamala, ana a wina mumawapereka kwa wina, zidzukulu n'kudzakhulupirira zimenezo mpaka kalekale.

Choyamba, lekani kutsata dzina. Funsani kuti: anabadwa kwa yani, ndipo ndi wa bele liti? Ife Achewa mbumba timaiwerengera kuchikazi, choncho akuluakulu sasokoneza msanga za mayi wobereka. Chiwongo chokha sichithandiza, pakuti ena anatenga cha mayi, ena cha bambo. Munthu aliyense mumpatse tsamba lakelake, pamwamba mulembe amayi ake, mudzi umene anabadwira ndi kumene anakwatira, kaya kuchikamwini kapena chitengwa. Lembani ndi pensulo.

Pamene ambiri amagwa m'pa nkhani yolowa dzina. Mfumu Mwase ya ku Kasungu imene inalimbana ndi azungu mu 1895 si Mwase wa nthawi ya Kamuzu, ngakhale dzina ndi lomwelo. Zilinso choncho kwa nyakwawa za m'midzi yathu: malume akamwalira, mwana wa mlongo wawo amalowa dzina, ndipo anthu pokamba amasakaniza zochita za onse awiri ngati munthu mmodzi. Mukamva kuti munthu yemweyo anamenya nkhondo ya Hitler komanso anali pa teneti pa esiteti ya fodya cha m'ma 1990, imani kaye. Funsani kuti: "Asanalowe dzinali ankatchedwa ndani, nanga analowa m'malo mwa yani?" Funso limeneli landitsegulira zambiri kuposa ena onse.

Kumbukiraninso kuti mwamuna mmodzi akhoza kukhala ndi dzina la ubwana, la kudambwe, la ubatizo ndi lina la pachitupa cha Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Musamugawe panayi.

Zaka musawafunse agogo, mungowavutitsa. Afunseni zochitika. Pa njala ya 1949 anali pamsana kapena anali kale pabanja? Pomwe tinkalandira ufulu mu 1964 anali ndi ana angati? Ku Joni anapita Wenela asanatsekedwe mu 1974? Njala ya 2002, imene inatipweteka kwambiri kuno ku Kasungu, anaiona? Mayankho awiri kapena atatu otere amalekanitsa anthu mosavuta. Chaka cha pachiphaso cha unzika cha 2017 musachidalire kwambiri, chifukwa okalamba ambiri anangoyerekeza.

Mukatha apo, pitani ku mpingo, kaya ku Chilanga kapena ku parishi ya Chiphaso, mukapemphe mwaulemu kwa abusa kapena bambo mfumu kuona mabuku a ubatizo. Mukakapeza dzina, onani makolo ndi mudzi zimene zalembedwa pambali pake musanakondwere.

Azakhali ndi agogo aakazi muwafunse paokha, makamaka madzulo ntchito zitatha, chifukwa pagulu amangovomereza zonena za nkhoswe. Ena satchula dzina la amuna awo kapena la apongozi, amangoti "a bambo a uje". Musawakakamize, lembani dzina la mwanayo, likutsogolerani. Kumanda musalowe kukawerenga ziliza osauza amfumu. Ndipo masamba awiri musawaphatikize kuti ndi munthu mmodzi mpaka akuluakulu awiri a mabele osiyana anene zofanana.