Saladi ya nyemba ndi matimati: momwe mungaikonzere pamodzi ndi msuzi wa viniga wodzipangira nokha

Nyemba za ndiwo timafuna zipse mpaka kuphwanyika, msuzi ulendere kuti nsima ipeze pogwira. Nyemba za saladi sizifuna zimenezo. Iliyonse iyenera kukhala payokha, yofewa mkati koma khungu lili bwinobwino, kuti mukatakasa ndi supuni isasanduke phala. Anthu ambiri amene anayesapo saladi imeneyi n'kuinyoza analakwitsa pamalo awiri: anathira msuzi pa nyemba zozizira kale, kapena anaika matimati osayamba awakhetsa madzi. Mukakonza ziwirizi, zina zonse n'zopepuka.

Msuzi wake umatchedwa vinaigrette, dzina lochokera ku Chifalansa, kumene vinaigre amatanthauza viniga. Ndi mafuta ndi viniga basi, zosakanizidwa ndi mchere komanso tina tokometsera. Sumaphikidwa, ndipo sufuna makina alionse.

Zofunika, za anthu anayi kapena asanu

Nyemba zouma kapu imodzi, pafupifupi magalamu 200. Zikapsa zimafika makapu awiri ndi theka. Matimati anayi apakatikati, okupsa koma olimba. Anyezi mmodzi wamng'ono, makamaka wofiira. Kachigawo kamodzi ka adyo. Viniga masupuni aakulu atatu, mafuta masupuni aakulu asanu ndi limodzi, mchere, uchi kapena shuga theka la supuni ya tiyi, ndi masitadi (chokometsera chopangidwa ndi njere za mpiru) supuni imodzi ya tiyi ngati muli naye. Supuni yaikulu ndi ya mamililita 15, ya tiyi ndi ya mamililita 5, ndipo kapu ndi ya mamililita 250. Konzaninso botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro cholimba, monga lomwe munali jamu kapena chiponde, litatsukidwa n'kuuma.

Kusankha ndi kuviika nyemba

Nyemba zamawangamawanga monga Kholophethe ndi Napilira zimachita bwino chifukwa ndi zazikulu ndipo mkati mwake mumafewa bwino. Zofiira zimaoneka zokongola m'mbale komanso khungu lake silisweka msanga. Zoyera zing'onozing'ono ngati Kabalabala zimamwa msuzi kwambiri koma zimaphwanyika mwachangu, choncho zimafuna kuziyang'anira. Khobwe nayenso amatheka ndipo amapsa msanga kuposa zonsezi. Chimene simuyenera kuchita n'kuphika mitundu yosakaniza mu poto mmodzi, chifukwa ina ikamapsa ina imakhala idakali gwa.

Gulani nyemba za chaka chomwecho. Nyemba zimene zakhalitsa m'thumba pamalo otentha ndi achinyontho zimauma mtima, moti mukhoza kumaliza makala ambiri zisanafewe, ndipo zikayamba kufewa khungu limakhala litasweka kale. Nyemba zambewu zopakidwa mankhwala amtundu si zodya, ngakhale mutazitsuka kangati.

Thirani nyemba m'lichero, chotsani timiyala, zosweka ndi zobooledwa ndi anankafumbwe. Tsukani kawiri, kenako viikani m'madzi okwana lita imodzi momwe mwasungunulamo mchere supuni imodzi yaikulu. Ambiri tinakula tikumva kuti mchere umalimbitsa nyemba. Zoona zake n'zakuti mchere wa m'madzi oviikira umafewetsa khungu, ndipo nyemba imafufuma mofanana osang'ambika. Chimene chimalimbitsa nyemba ndi zowawasa: matimati, mandimu ndi viniga. Zimenezi zisayandikire poto mpaka nyemba zitapsa.

Ziviikeni maola 8 mpaka 12. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musapitirire maola 8 ngati zili kunja kwa firiji, chifukwa madzi amayamba kuchita thovu ndi kafungo kosasa. Mukaiwala kuviika, ziwiritseni mphindi ziwiri, chotsani pamoto, vindikirani, zikhale ola limodzi. Zoyandama pamwamba tayani.

Kuphika

Tayani madzi oviikira. Ikani nyemba mu poto ndi madzi atsopano opitirira pamwamba pa nyemba ndi zala zitatu. Moto ukhale wamphamvu ndipo zibwate kwambiri kwa mphindi 10 zathunthu. Apa si pochita chidule. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira zazikulu, zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin amene amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ndipo amatha ndi kubwata kwenikweni. Kungotenthetsa pa moto wozilala sikumuchotsa.

Zikatha mphindi 10 zija, chepetsani moto kuti madzi azingogwedezeka pang'ono. Pa mbaula, chotsani makala ena kapena phimbani ena ndi phulusa. Kubwata mwamphamvu mpaka kumapeto kumagundanitsa nyemba n'kuziswa. Thirani mchere theka la supuni ya tiyi, vindikirani mosiya kampata, ndipo musamavundule pafupipafupi. Madzi akachepa onjezerani otentha. Soda kapena chidulo musathire. Zimafulumizitsa ndithu, koma nyemba zimatuluka zoterera, zonyenyeka, ndipo kukoma kwake kumasintha.

Nyemba zoviikidwa zimatenga mphindi 45 mpaka ola ndi theka. Kumalo okwera ngati Dedza madzi amawira asanafike madigiri 100, choncho onjezerani nthawi. Madzi a zitsime zina ndi mijigo ina, aja amasiya zoyera pansi pa ketulo, nawonso amachedwetsa. Yambani kulawa pakatha mphindi 40. Tengani nyemba zisanu m'malo osiyanasiyana mu poto, finyani iliyonse pakati pa zala: iphwanyike mosavuta, mkati musakhale kaufa kouma koyera. Imodzi yokha ikakhala yolimba, pitirizani mphindi zina 10. Nyemba zimalimbako zikazizira komanso zikakumana ndi viniga, ndiye musaziphule zikadali ndi kamtima poganiza kuti zimalizika zokha.

Nyemba zaziwisi zongoswa kumene m'makoko, zomwe zimapezeka nthawi yokolola, siziviikidwa ndipo zimapsa pa mphindi 25 mpaka 35, koma kubwata kwa mphindi 10 zoyamba kukhalepo chimodzimodzi. Ngati mukugwiritsa ntchito zam'chitini, tengani zitini ziwiri za magalamu 400 za nyemba zam'madzi a mchere, khetsani, tsukuluzani, kenako zitenthetseni pang'ono m'madzi kuti zifunde. Zam'chitini zokhala kale mu msuzi wa tomato wotsekemera sizigwira ntchito pano.

Viniga woyamba apite pa nyemba zikadali zofunda

Khetsani madzi pa sefa ndipo musazitsire madzi ozizira. Madzi ophikira nyembawo sungani, amakometsa ndiwo zamasamba kapena supu. Thirani nyemba mu bakuli lotakata lagalasi, lapulasitiki kapena la dothi lopaka, zikhale mphindi zisanu nthunzi ichoke, kenako wazani supuni imodzi ya viniga ndi kamchere pang'ono, n'kutembenuza modekha. Nyemba yofunda imayamwa zimene mwaithira mpaka mkati. Yozizira imangonyowa kunja, ndipo mukaluma mumamva kuzizira kopanda kanthu ngakhale msuzi utachuluka bwanji m'mbale. Poto wa aluminiyamu musakonzeremo gawo ili, chifukwa viniga amadya chitsulocho n'kusiya kakomedwe kachilendo.

Matimati ndi anyezi

Popeza izi zidyedwa zosaphika, madzi otsukira akhale owiritsa kapena othira klorini, monga WaterGuard. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa zimenezi mowawa. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nyama kapena nsomba yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanaduliremo matimati.

Sankhani matimati ofiira mpaka kumchombo, olemera m'dzanja, onunkhira mukawayandikiza kumphuno. Aataliatali olimba aja, omwe amadzaza m'misika ngati ya Lizulu ndi Tsangano, ali ndi mnofu wambiri ndi madzi ochepa, ndipo ndiwo oyenera. Timatimati tating'ono tomera tokha kuseri kwa nyumba n'tokoma kwambiri, ingotidulani pakati. Ofewa otsika mtengo omwe timagula a ndiwo asiyireni ndiwo. Matimati a saladi musawasunge mu firiji musanawagwiritse ntchito, popeza kuzizira kumapha fungo lake ndipo mnofu umakhala ngati ufa.

Dulani matimati tizidutswa tokulirapo pang'ono kuposa nyemba. Aikeni pa sefa, wazani mchere kotala ya supuni ya tiyi, tembenuzani, ndipo akhale mphindi 15 mpaka 20 mbale ili pansi. Mudzapeza madzi okwana masupuni angapo m'mbalemo. Madzi amenewa, mukadapanda kuwachotsa, akadatulukira mu saladi n'kusukulutsa msuzi wonse. Musataye onse: supuni imodzi muithire mu botolo la msuzi, imaupatsa kakomedwe ka tomato kabwino kwambiri.

Anyezi mudule mopyapyala kwambiri. Kuti ukali wake uchepe, muikeni m'kambale ndi masupuni awiri a viniga amene atsala aja kwa mphindi 10, kenako mumuvuule. Viniga yemweyo ndiye mupangire msuzi. Amene safuna fungo la anyezi ngakhale pang'ono angathe kumuviika m'madzi ozizira a mchere n'kumufinya.

Kupanga msuzi

Mlingo wodziwika ndi magawo atatu a mafuta pa gawo limodzi la viniga. Ndi umene uli mu botolo lathu: viniga masupuni awiri, mafuta asanu ndi limodzi. Mukawerengera ndi supuni ija yapita kale pa nyemba, saladi yonse imakhala pa magawo awiri kwa limodzi, ndipo n'zoyenera, chifukwa nyemba zimameza kuwawasa kuposa masamba.

Dongosolo la kathiridwe lili ndi chifukwa chake. Yambani ndi viniga, mchere theka la supuni ya tiyi, uchi, adyo wosinja mpaka kusalala, masitadi ndi madzi a matimati aja. Vindikirani n'kukhutchumula mpaka mchere usungunuke. Mchere susungunuka m'mafuta, choncho mukayamba ndi mafuta umangokhala pansi ngati mchenga. Kenako thirani mafuta, tsekani mwamphamvu, khutchumulani masekondi 20 mpaka 30 kufikira msuzi utaoneka wa mbuu komanso wokhuthalako. Opanda botolo agwiritse ntchito foloko m'kapu, mafuta akuthira pang'onopang'ono uku akutakasa.

Mafuta ndi viniga sizigwirizana. Kukhutchumula kumangoswa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono, ndipo masitadi ndi amene amatchinga kuti timadonthoto tisabwererenso pamodzi msanga. Popanda iye msuzi umalekana pakangopita mphindi zochepa. Sikuti wawonongeka, ingoukhutchumulaninso pomwe mukuthira.

Mafuta a olivi ndiwo amatchulidwa kwambiri, koma ndi okwera mtengo ndipo a mpendadzuwa amachita bwino lomwe. Chachikulu n'chakuti akhale atsopano. Popeza saphikidwa, fungo lililonse limamveka. Mafuta okazingira kale tchipisi kapena okhalitsa padzuwa m'timachubu amawononga mbale yonse, ndiye alaweni kaye pa supuni. Viniga woyera wamba ndi wakuthwa, ndipo uchi uja ndi wofunika kwambiri mukagwiritsa ntchito ameneyu. Wa maapulo ndi wofatsirapo. Mandimu amalowa m'malo mwa viniga pa mlingo womwewo, bola muchotse njere ndipo musafinye mpaka khungu loyera lamkati, lomwe limawawitsa. Okonda tsabola adule kambuzi mmodzi, achotse njere, amuike mu viniga pamodzi ndi anyezi.

Polawa, musanyambite msuzi pa supuni, umamveka wowawasa mopitirira. Viikanimo nyemba imodzi mudye. Ukakhala wakuthwa kwambiri onjezani supuni ya mafuta. Ukamveka mafuta okhaokha onjezani madontho a mandimu. Ukakhala wosamveka kanthu, nthawi zambiri ndi mchere wachepa, osati viniga.

Kusakaniza

Nyemba zikazizira mpaka kufika poti mukhoza kuzigwira bwinobwino, thirani magawo awiri mwa atatu a msuzi pamodzi ndi anyezi, tembenuzani ndi supuni yamtengo kuchokera pansi, ndipo zikhale mphindi 20 mpaka 30. Matimati alowe kumapeto, patatsala mphindi zochepa kuti mudye, pamodzi ndi msuzi wotsala ndi masamba a anyezi oduladula, kapena masamba onunkhira a parsley ngati alipo. Lawaninso mchere, chifukwa nyemba zimakhala zayamwa wambiri pa nthawi yodikirayo.

Mukhoza kuonjezera nkhaka yochotsa njere, tsabola wobiriwira wosawawa, chimanga chachiwisi chophika n'kutongola, kapena dzira lowiritsa. Peyala lilowe pomaliza penipeni litawazidwa mandimu kuti lisade. Zitheba zimakwanira bwino: ziwiritseni mphindi 4 kapena 5 m'madzi a mchere, ziviikeni m'madzi ozizira aukhondo, ndipo zithiridwe msuzi pomwe mukudya, chifukwa viniga amasandutsa kubiriwira kwake kukhala kotuwa. Koma musachulutse zinthu mpaka nyemba ndi matimati kusowa m'mbale mwawo momwe. Ziwiri zowonjezera n'zokwanira.

Saladiyi imayenda ndi chambo chootcha, nkhuku yowotcha, mpunga wa Kilombero, mbatata kapena buledi. Matimati ndi mandimu aiwisi ali ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba, ndipo tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo, choncho ndi bwino kumwa tiyi pakapita kanthawi mutadya.

Kasungidwe

Saladi yosakaniza kale isakhale pa tebulo kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi. Viniga wa mu msuzi uno ndi wochepa, sangateteze nyemba kuti zisawonongeke. Ngati mulibe firiji kapena magetsi akuzimazima, konzani yokwanira chakudya chimodzi. Mu firiji, nyemba zothira msuzi koma zopanda matimati zimakhala masiku atatu m'chotengera chotseka, ndipo tsiku lachiwiri zimakoma kuposa loyamba. Ngati mukukonzekera phwando kapena chakudya chopita nacho kuntchito, sungani nyemba pazokha n'kudula matimati tsiku lodya.

Msuzi wotsala wokhala ndi adyo waiwisi ndi madzi a matimati ukhale mu firiji ndipo uthe pasanathe masiku atatu. Adyo wosiyidwa m'mafuta pamalo ofunda angathe kumeretsa tizilombo toyambitsa botulism, matenda oopsa amene sadziwika ndi fungo kapena maonekedwe a chakudya. Mukafuna msuzi wokhalitsa milungu iwiri mu firiji, pangani wa viniga, mafuta, mchere ndi masitadi basi, adyo muziika tsiku lomwe mukudya. Mafuta a olivi amaundana mu firiji. Tulutsani botolo mphindi 15 musanadye, kapena liviikeni m'madzi ofunda, kenako khutchumulani.