Mmene ndimayenderera khungu langa mwezi ndi mwezi chichotsereni melanoma kuphazi

Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Chinamwali, ndipo phazi langa lamanja ndi limene limapondaponda makina tsiku lonse. Pansi pa phazi limenelo, chakuchidendene, m'pamene panatuluka kadontho kakuda. Ndinakhala nako miyezi yambiri ndikumati ndi minga yothyokera m'kati. Alamu anga anati ndi thekenya, ena ananong'ona kuti ndaponda mankhwala. Katayamba kutambalala, mwana wanga wamkazi anandikakamiza kupita kuchipatala. Anadulapo kanyama n'kukatumiza kokayeza, ndipo patapita masabata angapo anandiuza kuti ndi melanoma, khansa yoyambira m'maselo amene amapatsa khungu mtundu wake. Mwayi wanga unali wakuti inali isanalowe pansi kwambiri, kuya kwake kunali kosafika milimita imodzi. Anachekanso khungu labwino mozungulira malowo, bala linapola.

Tsiku lochotsa ulusi, adokotala anandiuza kuti iwo azindiona pakapita miyezi ingapo, koma masiku ena onsewo khunguli ndili nalo ndine. Munthu amene anadwalapo melanoma amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa anzake chodwalanso ina pamalo ena, ndiponso yakale ija imatha kubwerera pafupi ndi chipsera kapena kukatulukira m'malo otupa mwanabele. Ikapezeka ikadali yopyapyala, kawirikawiri opaleshoni yokha imakwanira. Ikalowa pansi nkhani imakula.

Ambiri kuno amati matendawa ndi a azungu. N'zoona kuti iwo ndiwo amadwala kwambiri, koma ife akhungu lakuda ikatigwira imakonda kubisala m'malo amene dzuwa siliwombako n'komwe: pansi pa phazi, m'chikhatho, m'kati mwa chikhadabo. Bob Marley anamupeza nayo m'chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi mu 1977, ndipo anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. N'chifukwa chake ine ndikamadziyendera, nthawi yambiri imathera kumapazi.

Choyamba sankhani tsiku limodzi pamwezi ndipo musalisinthe. Langa ndi Loweruka loyamba, m'mawa ndikangosamba, kuseri kwa nyumba kumene kuwala kumafika bwino. Babu la m'chipinda limanamiza mitundu, kandulo ndiye musayerekeze. Miyezi yoyambirira ndinkayang'ana phazi tsiku lililonse, pena katatu, mpaka tulo tinandithawa. Sizinathandize. Mwana amene mumagona naye nyumba imodzi simuona kuti akukula, amaona ndi mlendo wobwera patapita nthawi. Kadontho nakonso n'chimodzimodzi.

Zida zake n'zochepa: galasi lamanja, foni yojambula, kope, pensulo, ndi rula kapena tepi yokhala ndi mamilimita. Ine ndimagwiritsa tepi yomweyo yoyezera makasitomala. Pantchito yanga sindikhulupirira maso. Munthu amene ndinamuyeza chaka chatha ndimamuyezanso, ndipo muyeso uliwonse umalowa m'buku, chifukwa diso limaiwala ndiponso limakonda kuona zimene mtima ukufuna.

Tsiku loyamba ndi limene limachedwetsa. Pondani papepala n'kuzungulira phazi ndi pensulo, ngati mmene timachitira potuma munthu kukagula nsapato za mwana. Chitani mapazi onse ndi zikhatho zonse, kenaka jambulani chithunzi cha thupi, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale chisakongole. Kadontho kalikonse kamene muli nako kaikeni pamalo pake n'kukapatsa nambala, ndipo pambali lembani mulitali, mulifupi, mtundu wake, ndi ngati n'kophwatalala kapena kotukuka. Ine ndinapeza tisanu ndi tinayi, ndipo tiwiri sindinkadziwa n'komwe kuti ndili nato. Kalikonse kajambuleni ndi foni, tepi ili pambali pake kuti manambala azioneka. Zithunzizo tumizaninso kwa munthu mmodzi amene mumamudalira, mafoni amasowa.

Miyezi yotsatira ndimayambira pachipsera. Ndimachiyang'ana, kenaka ndimatseka maso n'kuchisisita ndi chala, chifukwa kachotupa ka pansi pa khungu kamayamba kumveka kasanaoneke. Ndikachoka apo ndimakwera ndi mwendo wonse mpaka m'mphechepeche, kufufuza timabampu kapena timadontho tatsopano, popeza ndiyo njira imene khansa ya kuphazi imadutsa ikamafalikira. M'mphechepeche, kuseri kwa bondo, m'khwapa ndi m'khosi ndimasisita mozungulira ndi zala zitatu, mbali zonse ziwiri kuti ndiyerekeze. Mwanabele wobwera chifukwa cha chilonda amapweteka ndipo amaphwa chilondacho chikamapola. Wolimba, wosapweteka, wosaphwa, ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala.

Mapazi atsukeni bwino musanayambe. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimabisa zambiri, makamaka m'ming'alu ya chidendene. Khalani pansi, ikani galasi pansi pa phazi kapena likhazikeni pabondo, patulani zala chimodzichimodzi. Pakati pa zala m'pamene anthu ambiri amadumpha.

Zikhadabo zimafuna kudekha. Chotsani penti yense. Anthu akuda ambiri tili ndi timizere takuda totsika m'zikhadabo zingapo, topyapyala, tosasintha zaka ndi zaka, ndipo timeneto nthawi zambiri si vuto. Wodetsa nkhawa ndi mzere wa m'chikhadabo chimodzi chokha, makamaka cha chala chachikulu, umene ukunka nutambalala, kapena kuda kwake kwasefukira pakhungu la m'mbali, kapena chikhadabo chayamba kung'ambika popanda chifukwa. Mukapunthwa pamwala magazi amaundana m'kati n'kuda, koma amenewo amasunthira kutsogolo chikhadabo chikamakula, mpaka mudzawawenga. Kuda kosasuntha, kochokera kutsinde kwenikweni, kukaonetseni.

Kumsana, m'mutu, kuseri kwa makutu ndi kumatako simungadzione bwino nokha. Ine kumsana amandiona bambo a kunyumba, m'mutu amandiona mwana wanga akamandimasula tsitsi. Malo obisika, pansi pa mabere ndi kumaliseche, ndimadziona ndekha ndi galasi. Manyazi alipo, koma melanoma imatha kumera kumenekonso.

Nanga mukuyang'ana chiyani? Madokotala ali ndi zilembo zawo zisanu za Chingerezi, ABCDE, koma ine ndinazisunga mwa utelala. Kadontho kabwino mukati mukapinde pakati ngati nsalu, mbali ziwirizo zimakumana. Kokayikitsa mbali ina imaposa inzake. M'mphepete mwa kabwino mumakhala ngati modula ndi sizasi, pamene kokayikitsa kamakhala ngati nsalu yong'amba ndi manja, kapena ngati utoto wosulukira pansalu yoyera. Kabwino kamakhala ndi mtundu umodzi, kokayikitsa kamasakaniza kuda, kufiirira, kutuwa, pena kubiriwira. Pa kukula amatchula mamilimita 6, ngati labala wa kumapeto kwa pensulo, ngakhale melanoma imatha kupezeka isanafike pamenepo. Koma chachikulu kuposa zonsezi, kwa ine, ndi kusintha. Kadontho kamene munabadwa nako, kakhale kakakulu bwanji, ngati kali mmene kanalili zaka khumi zapitazo, sikandiopsa ngati kakang'ono kamene mwezi uno kakusiyana ndi chithunzi cha mwezi watha. Kukula, kutukuka, kuyabwa, kukha magazi osakandidwa, kupanga nkhanambo n'kubwereranso, zonsezi ndi kusintha. Onaninso kamene sikakufanana ndi tinzake tonse pathupi panu. Ndipo musadikire kuti kade, chifukwa melanoma ina imabwera yofiira kapena ngati chilonda wamba chosapola. Musadikirenso ululu. Kanga sikanandipwetekepo ngakhale tsiku limodzi.

Mukapeza chosintha, musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku la kuchipatala. Pitani sabata yomweyo. Kuno tili ndi chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo zofunika akatswiri ena amatumiza ku Queens ku Blantyre. Tengani kope, foni, ndi pepala la zotsatira zoyamba lija, limene limanena kuya kwa khansa imene anachotsa. Pepala limenelo lijambulitseni, lina lizikhala kunyumba, chifukwa si nthawi zonse mudzapeza dokotala yemweyo. Mukalowa nenani msanga kuti munachotsedwapo melanoma, liti, ndiponso pati. Akati achotse kadontho, funsani ngati akatumize kokayeza.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musakagwire nokha. Musakadule ndi lezala, musakamange ndi ulusi ngati njerewere, musathirepo madzi a batire kapena mankhwala otentha, musatemerepo mphini. Pamwamba pamatha kuuma n'kuoneka ngati papola, koma pansi chikupitirira, ndipo mwawononga kanyama kamene akanayeza. Komanso si banga lakuda lililonse la kumwendo limene ndi melanoma. Kuno kwathu khansa ya Kaposi ndi yofala kwambiri, imatulutsanso mawanga akuda m'miyendo, ndipo chithandizo chake n'china. Chosiyanitsa ndi kuyeza basi. Kupemphera ndimapemphera, ndipo amayi a mumpingo anandigwira dzanja nthawi yonse ija, koma basi ya kuchipatala ndimakwerabe.

Za dzuwa sindichulutsa. Melanoma ya kuphazi siyenderana kwenikweni ndi dzuwa, komabe mu Okutobala ndimayenda ndi ambulera. Abale athu achialubino ndiwo dzuwa limawapweteka kwambiri, ndipo kwa iwo chilonda chilichonse chosapola pankhope, pakhutu kapena pakhosi n'chofunika kuonetsa msanga. Ana anu ndi abale a bere limodzi auzeni za matenda anu, nawonso azidziona.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, nambala 4 wa pantchafu yamanzere anandiimitsa mtima. M'kope munali mamilimita 3, tepi inkanena 5. Ndinayeza kawiri, ndinaitana mwana wanga ayezenso, ndipo tinaika zithunzi ziwirizo pamodzi. Lolemba sindinatsegule makina. Adokotala ataona kope sanachedwe ndi mafunso, anandipatsa tsiku lokachotsa. Masabata odikira zotsatira anali olemera ngati oyamba aja, ndinasoka mayunifolomu a sukulu usiku kuti maganizo achepe. Zitabwera anati sikanali khansa. Ndinafika kunyumba, ndinatsegula kope, pa nambala 4 ndinalembapo kuti "chipsera, masentimita 2", ndipo Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinachisisitanso ndi chala monga ndimachitira ndi cha kuchidendene.