Kukafika kumudzi wa Adayak kumtunda kwa mtsinje wa Mahakam

Midzi ya Long Pahangai, Tiong Ohang ndi Long Apari ili m'boma la Mahakam Ulu, ku Kalimantan Timur, mbali ya Indonesia ya chilumba cha Borneo. Kumakhala Adayak, eni nthaka a ku Borneo, a mitundu ya Bahau, Kenyah, Kayan ndi Aoheng. Mtsinje wa Mahakam ndi wautali makilomita oposa 900, ndipo kumtunda kwake ndiwo njira yeniyeni ya anthu, mpunga, mafuta ndi odwala. Choncho tsiku lonyamuka ndi lofika zimadalira kuchuluka kwa madzi. Pa masiku amene mwakonza, onjezerani ena atatu kapena anayi ongodikira.

Ulendo umayambira ku Samarinda. Padoko la Sungai Kunjang pamanyamuka m'mawa sitima yamatabwa yosanjikiza: pansi katundu, pamwamba timatiresi togonapo. Imayenda usana ndi usiku, kudutsa Tenggarong, Melak ndi Long Iram, ndipo kuti ifike ku Long Bagun, kumene imathera ulendo wake, pamapita masiku pafupifupi awiri. Madzi akaphwa kwambiri, makamaka pakati pa Julaye ndi Seputembala, imatha kulekezera ku Tering kapena ku Long Iram chifukwa pansi pake pamakhula mchenga. Wofulumira amakwera galimoto mpaka ku Tering, n'kukakwerako boti lothamanga lopita ku Ujoh Bilang, likulu la bomalo, kapena ku Long Bagun. Kulinso kandege kamene kamatera pabwalo la Datah Dawai ku Long Lunuk, koma mipando ndi yochepa, katundu amamuyeza, ndipo kukachita mitambo sikauluka.

Ndalama tengeranitu kumunsi. Pepala lalikulu la rupiah, ndalama ya ku Indonesia, ndi la 100,000, koma m'kagolosale ka kumudzi chenji chake chimasowa, ndiye sinthani kuti mukhale ndi a 10,000, a 20,000 ndi a 50,000 ambiri. Zinthu zimadula mukamakwera mtunda, chifukwa lita iliyonse ya petulo yadutsa m'mathithi omwe mukudutsamo inuwo. Mukabwereka boti lanulanu, gwirizanani musanakwere ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta obwererera ndi masiku odikira. Mikangano yambiri imabadwira pamenepa.

Gawo lofuna mtima ndi la kumtunda kwa Long Bagun, kumene kuli mathithi a Riam Udang ndi Riam Panjang. Awiriwa amaopsa pa nyengo zosiyana. Riam Udang amalusa madzi akasefukira, pamene mtsinje wonse ukupanikizika pakati pa matanthwe n'kumapota. Riam Panjang amavuta madzi akatsika, miyala ikatulukira, n'kutsala kanjira kopapatiza. Nthawi yabwino ndi ya madzi apakatikati, ndipo amene amadziwa kuti lero afika pamenepo ndi woyendetsa, yemwe kumeneko amamutcha motoris. Iye akakana kunyamuka, musamunyengerere ndi ndalama. Mvula yogwa usiku kumapiri a Müller, kumene simukuona n'komwe, imakweza madzi m'maola ochepa. Chizindikiro chake ndi madzi kusanduka ofiirira ngati tiyi wamkaka ndi zipika kuyamba kuyandama pakati pa mtsinje.

M'boti, katundu wolemera amaikidwa pansi ndi pakati, n'kumangidwa ndi chingwe, kenako n'kufunditsidwa lona. Thumba limodzi likangosuntha boti lili m'funde, mbali imodzi imamira ndipo madzi amalowa. Khalani pansi kwenikweni, manja m'kati, chifukwa m'mphepete mwa boti mumagunda miyala ndipo zala zimaphwanyika. Jekete yoyandamitsa ivaleni ndi kumanga malamba ake musananyamuke. Ngati botilo lilibe, bwerani ndi yanu kuchokera ku Samarinda. Chikwama chakumsana musachivale muli m'boti, chimakokera munthu pansi akagwera m'madzi. Kutsogolo kumakhala munthu wotchedwa juru batu, woyang'ana miyala ndi kulozera woyendetsa ndi dzanja, popeza injini zimasokosa moti mawu samveka. Musamutchinge. Pena adzakuuzani kuti mutsike, muyende pamiyala, iwo akukoka boti ndi chingwe. Miyalayo ili ndi ndere, ndiye valani nsapato zalabala zokhala ndi timano pansi, zomwe zimapezeka m'misika ya komweko. Ma silipasi amavuka, ndipo nsapato zachikopa zikanyowa siziuma.

Kulowa m'timitsinje ting'onoting'ono mumasinthira m'bwato laling'ono lotchedwa ces kapena ketinting, la injini yokhala ndi mtengo wautali wachitsulo kumbuyo. Limanyamula anthu ochepa, ndipo chimene chimathyoka kawirikawiri ndi pulopela ikagunda mwala. Funsani ngati mwini bwato watenga ina yapadera, nkhafi, ndi chigubu chodula chokapira madzi. Derali lili pafupi ndi equator, dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse ndipo mdima umagwa msanga, choncho nyamukani m'mamawa.

Zovala, mankhwala ndi mapepala zikhale m'matumba apulasitiki awiriawiri m'kati mwa chikwama, pakuti chinyezi chokha chimanyowetsa zinthu ngakhale mvula isanagwe. Tengani neti, tochi yovala kumutu, batire yapadera yotchajira foni, ndi mafotokope angapo a pasipoti. M'midzi ing'onoing'ono magetsi a jenereta amayaka madzulo okha. Netiweki ya Telkomsel ndi imene imagwira m'malo ambiri, komabe imaduka.

Za thanzi, onanani ndi dokotala musanapite. Ku Borneo kuli malungo, kuphatikizapo a mtundu wa Plasmodium knowlesi ochokera kwa anyani. Ngati akupatsani doxycycline, ndi 100 mg tsiku lililonse, kuyamba tsiku limodzi kapena awiri musanalowe m'deralo ndi kupitiriza masabata 4 mutatuluka. Ena amasiya atangofika kwawo, ndipo ndi pamene amadwala. Mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo m'boti mulibe mthunzi, ndiye valani chipewa ndi malaya a manja aatali. Madzi akumwa awire mobwatamuka kwa mphindi imodzi. Msundu ukakumamatirani, ulowetseni chikhadabo kukamwa kwake n'kuukankha cham'mbali, kenako tsukani ndi kutsindira pabalapo, chifukwa malovu ake amaletsa magazi kuundana. Galu akakulumani, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira ku puskesmas, chipatala chaching'ono cha boma, tsiku lomwelo. Chiwewe chiliko ku Kalimantan.

Mukafika, musayambe ndi kuzungulira mudzi. Pitani kaye kwa petinggi, amene ndi mfumu ya mudzi, mukanene dzina, kumene mwachokera ndi masiku amene mukhale. Ku Indonesia mlendo wogona amayenera kudziwitsidwa kwa akuluakulu a dera pasanathe maola 24, ndipo ndi pano pamene fotokope ija imagwira ntchito. Petinggi ndiye angakupezereni banja lokusungani ndi kukuonetsani kwa kepala adat, wosunga mwambo. Kubanjako perekani shuga, khofi ndi mafuta ophikira, komanso ndalama ya chakudya, mwakachetechete, ndi dzanja lamanja. Masiku ano mabanja ambiri ali m'nyumba zawozawo za pamisanamira, ndipo nyumba yaitali, lamin, yomangidwa ndi mtengo wolimba wa ulin, yatsala ya misonkhano ndi miyambo. Vulani nsapato pamakwerero.

Akakupatsani chakudya kapena khofi inu musakufuna, musangochoka. Khudzani mbaleyo kapena lawani pang'ono. Anthu a kumeneko amakhulupirira kuti wonyamuka atakana chakudya amakumana ndi tsoka panjira, zomwe amazitcha kepuhunan, ndipo mukazinyalanyaza mumawasiya ndi nkhawa yeniyeni. Mowa wampunga nawonso n'chimodzimodzi: wosamwa akhudze kapu n'kupepesa. Posamba pachithandala choyandama m'mphepete mwa mtsinje, amayi amavala nsalu yofika pachifuwa, abambo kabudula. Agogo a makutu aatali ndi mphini zojambula m'manja musawajambule musanapemphe.

Nyengo yobzala mpunga, cha m'ma Seputembala mpaka Novembala, ndi ya gule wa hudoq, wovinidwa ndi zigoba zamtengo kumaso ndi zovala za masamba a nthochi. Imakhalanso ndi masiku oletsa, pamene mlendo salowa m'munda kapena m'malo ena. Kukakhala maliro, zoletsa zimawonjezeka. Funsani kwa kepala adat m'mawa uliwonse kumene mungapite, chifukwa wolakwira mwambo amalipitsidwa, ndi ndalama kapena katundu monga chikwanje cha mandau.

Pobwerera boti limathamanga ndipo mafuta amapita ochepa, koma m'mathithi woyendetsa amakhala ndi kanthawi kochepa kokhotera, ndiye malamulo a jekete ndi katundu aja ndi omwewo. Lankhulani ndi motoris kutatsala masiku awiri, chifukwa maboti a kumidzi yakutali amanyamuka akapeza anthu okwanira. Tikiti ya ndege yochokera ku Samarinda kapena Balikpapan ikhale yoti mutha kusintha tsiku.