Mmene ndimaphunzitsira nkhani ya zilango za Rhodesia

Ndimaphunzitsa mbiri yakale kuno ku Kasungu, ndipo mutu uwu ndimauyamba ndi fodya. Aphunzitsi anzanga, tayesani njira iyi.

Lowani m'kalasi ndi tsamba limodzi la fodya wouma. Funsani kuti: "Bambo anu atafika ku Chinkhoma ndi mabelo awo n'kuuzidwa kuti palibe wogula, pakhomo pangakhale bwanji?" Ana a alimi amayankha msanga, ena nkhope zili zakugwa. Apo ndiye muwauze kuti pa 11 Novembala 1965, Ian Smith, nduna yaikulu ya Rhodesia (Zimbabwe wa lero), analengeza ufulu wa dzikolo popanda chilolezo cha Britain, pofuna kuti azungu ochepa apitirize kulamulira anthu akuda ochuluka. Mu 1966 bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugula fodya ndi katundu wina wa kumeneko, n'kukhwimitsa zilangozo mu 1968.

Kenako jambulani mapu pa bolodi, ndipo apa musathamange. Onetsani doko la Beira, kumene sitima zankhondo za Britain zinkatchingira mafuta opita ku Rhodesia. Onetsaninso South Africa ndi Mozambique wa Apwitikizi, kumene katundu ankadutsabe mozemba. Mwana akaona mipata imeneyi amamvetsa chifukwa chake zilango pazokha sizinakwane, mpaka nkhondo ya omenyera ufulu inakankhira onse ku zokambirana za ku Lancaster House ku London mu 1979. Zimbabwe inabadwa pa 18 Epulo 1980.

Pomaliza atumeni akacheze ndi agogo amene anagwirapo ntchito ku Halale. Chaka chatha mtsikana wina anabwera ndi chitupa chakale cha agogo ake, chokulungidwa m'kansalu, ndipo kalasi yonse inachigwira mosamala, mmodzimmodzi.